Kodi N'cifundo Kumkhalitsa Cete Mwana Wosautsidwa?

Mwana akaona coopsa, kapena akacitidwa camanyazi ndi munthu wamkuru, ife akuru tifulumira kunena, Tonthola, iwala. Tiyesa kuti tacita cifundo. Koma tifunsane, abale: cifundoco tacitira mwana kodi, kapena tadzicitira tokha, popeza makutu athu aopa kumva?

Mwana saiwala. Usiku abwebweta, nakodzera pamphasa angakhale analeka kale. Mvula ikagunda anthunthumira, monga acita ana ena amene anaona matope alikutsika phiri la Soche pa namondwe wa Freddy m'caka ca 2023. Coposa izi ndi ganizo lobisika lakuti, Wolakwa ndine. Ndikadapfuula mbale wanga sakadafa. Ganizo lotere likula mumdima, pakuti palibe wamkuru analimva kuti alitsutse.

Akatswiri atatu a ku America, Judith Cohen, Anthony Mannarino ndi Esther Deblinger, anakonza njira yakuciza ana otere ndi mau, nailemba m'buku m'caka ca 2006. Maziko ace ndi awa: cimene munthu aganiza cibala cimene amva mumtima, ndipo cimene amva cibala cimene acita. Akomana kamodzi pa sabata, miyezi itatu kapena inai. Poyamba mwana aphunzira kupuma mofatsa ndi kuchula mantha ace ndi dzina. Pambuyo pace asimba nkhani yace pang'ono pang'ono, kapena kuijambula, ndipo wothandizayo ayesa naye ganizo liri lonse ngati liri loona. Kholo nalonso liphunzitsidwa pa lokha, kuti tsiku lakumva nkhaniyo lisakomoke kapena kukalipa; ndipo ici ndiciyesa canzeru koposa, pakuti mwana ayang'ana nkhope ya amace asanatsegule pakamwa. Ku Lusaka anayesa njirayi pakati pa ana 257, othandizawo osakhala madotolo, ndipo m'caka ca 2015 kunalembedwa kuti masautso a ana oilandira anacepa kwambiri koposa a anzao.

Wina adzati, Kodi kutokosa cironda si nkhanza? Inde ndi nkhanza, tikamuumiriza mwana kusimba pabwalo pamaso pa khamu, kapena tikamfunsa cifukwa ca cidwi cathu. M'njira iyi mwana sakakamizidwa. Ndipo ngati womcimwirayo akali m'nyumba momwemo, angakhale ndi malume ace, nchito yoyamba ndiyo kuwalekanitsa ndi kukanena kwa apolisi.