Kodi Kutopa ndi Mwana Wodwala ndi Tchimo?

Mwezi wathawu ndinapita kwathu kwa Mwambo, kufupi ndi doko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa, kukaona mchemwali wanga. Mwana wake wa zaka 9 anadwala malungo aakulu ali wamng'ono, ndipo pambuyo pake kuchipatala anamupeza ndi khunyu. Bambo a mwanayo amatha milungu ali ku zimbowera kupha matemba, choncho zonse zili pa mayi. Sangamusiye yekha pafupi ndi moto kapena m'mbali mwa madzi. Madzulo anandifunsa motsitsa mawu kuti: "Achimwene, nthawi zina ndimatopa mpaka kukwiyira Mulungu. Kodi ndachimwa?"

M'funso lakelo munabisala mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti: matendawa abwera chifukwa cha ndani? Kumudzi ena amati ndi ufiti, ena amati makolo analakwa penapake. Pa Yohane 9, ophunzira anafunsa zomwezo za munthu wobadwa wakhungu, ndipo Ambuye Yesu anakana kuloza chala munthuyo kapena makolo ake. Khunyu ndi vuto la mu ubongo. Limatha kutsatira malungo aakulu, kuvulala m'mutu kapena mavuto a pobadwa, ndipo silipatsirana, ngakhale kudzera m'malovu.

Funso lachiwiri ndi la mtima wa kholo. Mpingo umaphunzitsa kuti tchimo limafuna kuti munthu adziwe choipa ndi kuchisankha mwadala. Mayi amene wachezera usiku kuyang'anira mwana sanasankhe kutopa. Pa Marko 9, bambo wa mnyamata amene ankagwa pamoto ndi m'madzi anavomera pamaso pa Yesu kuti chikhulupiriro chake chinali chochepa, ndipo Yesu sanamubweze. Kuuza Mulungu zowawa zathu mosabisa nakonso ndi kupemphera.

Choopsa chimabwera kutopako kukabisidwa. Kholo losowa womuuza limayamba kutsekera mwana m'nyumba, kumuletsa sukulu, mwinanso kusiya mankhwala chifukwa ulendo wa kuchipatala wakula. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mwa anthu 10 odwala khunyu, pafupifupi 7 angathe kusiya kugwa akamamwa mankhwala oyenera mosadumphitsa. Atatu otsalawo adzafunika chisamaliro kwa zaka zambiri, ndipo kuuza makolo awo kuti apemphere kwambiri basi n'kuwaonjezera mtolo.

Apa funso la tchimo latembenukira kwa ife. Makolo otere alipo m'mphakati mwathu muno m'tauni, ndipo ena anasiya kubwera ku Misa poopa maso a anthu. Tingathe kukhala ndi mwanayo masana amodzi kuti mayi akagone kapena akafike kumsika. Tingathe kusonkha ndalama ya ulendo wokatenga mankhwala. Mwana akagwa m'tchalitchi, tisathawe: timugoneke chammbali, tichotse zinthu zomwe zingamuvulaze, tisamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo kugwako kukapitirira mphindi 5, tithamangire naye kuchipatala.

Mchemwali wanga ndinamuyankha kuti sanachimwe. Kenaka ndinachita manyazi, pozindikira kuti panali patatha chaka chathunthu ndisanapiteko. Sabata ino, aliyense wa ife aganizire kholo limodzi lotere limene akulidziwa, ndipo akaliyendere.