Kavalo Adawoloka Malire, Womusamalira Adatsala

Kumpoto kwa chigawo cha Mashonaland Central, m'dziko la Zimbabwe, kuli mapiri a Mavuradonha, pamene mtunda umathera n'kutsetserekera kuchigwa cha Zambezi. M'chaka cha 1988 khonsolo ya Muzarabani idapatula derali kuti likhale thengo losungidwa, ndipo m'zaka zotsatira alendo ankalowamo pa akavalo. Ankayenda masiku angapo m'tinjira ta njovu, nagona m'misasa ya pakati pa mapiri. Akavalo a maulendo otere ankawetedwa m'mafamu a azungu, ndipo kavalo aliyense anali ndi munthu womudyetsa, womupesa ndi womumanga chishalo mbandakucha.

M'mafamu a Mashonaland antchito ambiri anali ana ndi zidzukulu za anthu a ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, amene adapitako pansi kapena kudzera m'bungwe la Mthandizi. Adabadwira m'makomboni, kuvina Gule Wamkulu komweko, ndi kuika makolo awo m'manda a pafamu.

Kulanda mafamu kutayamba m'chaka cha 2000, eni ake ambiri adachoka mothamangitsidwa, ziweto n'kutsala zopanda wozisamalira. Banja la Pat ndi Mandy Retzlaff, lomwe linkalima kufupi ndi Chinhoyi, lidatolera akavalo osiyidwa, n'kuwasamutsa kufamu ina ndi ina mpaka kuwaolotsera ku Mozambique, kumene pambuyo pake adayamba kunyamula alendo m'mbali mwa nyanja ku Vilanculos. Buku la mayi Retzlaff lofotokoza ulendowu, One Hundred and Four Horses, lidatuluka m'chaka cha 2013.

Antchito a m'mafamu, amene analipo oposa 300,000, ulendo wawo udali wina. Ochepa kwambiri mwa iwo ndiwo adalandira malo. Lamulo la unzika la 2001 lidalamula obadwa kwa makolo akunja kuti akane unzika wa dziko la makolo awo, dziko limene ambiri anali asanalipondeko. Amene adalephera kutero adasanduka anthu opanda dziko. Apa ndiye pagona funso: kodi chifundo chopulumutsa kavalo pa nthawi imene munthu akusowa pogona n'choyenera kuyamikidwa?

Ena angayankhe msanga kuti munthu ndiye woyamba, choncho kulirira nyama pamene anthu akuvutika n'kusokoneza zinthu. Yankholi lili ndi mphamvu, komabe silikwanira. Kavalo sadalembe nawo lamulo la 1930 logawa malo potengera khungu, ndipo sadavote pa referendamu ya 2000. Ludzu lake m'khola lotsekedwa lidali ludzu lenileni. Womusiya kuti afe sakadapulumutsa wantchito ndi mmodzi yemwe. Ndiponso chifundo sichili ngati ufa wa m'lichero, woti ukatapako pang'ono wina agona ndi njala. Amene adapulumutsa akavalo adachita chinthu chabwino chimene manja awo adakwanitsa.

Mlandu weniweni uli pa kusiyana kwa njira zimene dziko lidatsegulira awiriwa. Kavalo anali ndi mtengo wodziwika, dzina, ndi mwini wake womulankhulira. Nkhani yake idapeza osindikiza ndi owerenga kutsidya kwa nyanja. Womusamalira uja sadapeze malo m'nkhani ziwiri zimene zinkalimbana. M'nkhani ya mlimi wachizungu iye anali mbali ya famu yotayika. M'nkhani ya olanda malo anali munthu wa mzungu, wobwera, wopanda mfumu yomugawira munda. Mbali zonse ziwiri zidamuyesa mlendo, ndipo paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma munthu amene agogo ake ali m'manda a pafamupo angakhale bwanji mame?

Nzeru ya umunthu imati kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tiwanthu. Mwambiwu sunyoza nyama. Umakumbutsa kuti munthu amakhala munthu pokhala ndi anzake omuzindikira. Kumuchotsa m'kaundula wa dziko, m'gulu la olandira malo ndiponso m'mabuku a zikumbutso n'kumusiya yekha, pamalo otsika kuposa a kavalo amene ankamupesa, pakuti kavaloyo anali naye womufunafuna.

Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC, malinga ngati ankakhala m'dzikomo pa nthawiyo. Ichi chidakonza mbali ya lamulo, ngakhale sichidabweze nyumba za m'makomboni kapena zaka zotayika. Mbali yotsala ili m'manja mwa olemba ndi ofufuza mbiri. Amene akulemba za mafamu a Mashonaland ndi misasa ya ku Mavuradonha ali ndi udindo wofunsa, kavalo aliyense akatchulidwa dzina, kuti wogwira chingwe chake anali yani ndipo adapita kuti.