Kodi Munthu Angaphunzire kwa Chiswe?

Akhristu anzanga, chulu tonse tichidziwa, ndipo chiswe timachiyesa mdani. Komatu m'chaka cha 1996, mu mzinda wa Harare, anatsegula nyumba yaikulu yotchedwa Eastgate, imene mmisiri wake, Mick Pearce, anatengera nzeru ku chulu. Makoma ake ali ndi simenti yotulukira kunja ngati mano, yotchinga dzuwa pa mazenera. Usiku amalowetsamo mpweya wozizira kuti simenti izizire. Usana mpweya wotentha umakwera nutulukira m'machumuni a padenga. Motero anthu akhalamo bwino, ndipo magetsi sapita ochuluka.

Kodi nchamanyazi kuti munthu, wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, akaphunzire kwa kachilombo? Iai ndithu. Nzeru za m'chulu mwini wake ndi Mlengi, ndipo wozinyoza wanyoza mphatso yake. Kunyada ndiko kumene kumatseka maso.

Tsono tidzifunse. Makolo athu ankafolera udzu namanga khonde lalikulu, ndipo m'nyumba munkazizira. Ife tagwetsa mitengo, tafolera malata, tachepetsa mazenera. Mwezi wa Okutobala nkhalamba ndi makanda amavutika pa Misa. Malata si tchimo, koma kumanga mofuna kuoneka, osaganizira odzakhalamo, nkuchepa kwa chikondi.

Inu akatekisti, pomanga tchalitchi kapena sukulu, yambani mwaona kumene mphepo imachokera ndi kumene dzuwa limalowera. Siyani mitengo, kwezani denga, kulitsani khonde. Wodzichepetsa apeza mphunzitsi ngakhale pa chulu.