"Ndikagula Iyi, Ndasiya"



Loweruka lapitali, tisanayambe mapemphero, mnyamata wina wa m'gulu lathu anatiitana kuti tione kanema pa foni yake. Munali bambo wa ku America atagona chafufumimba pa udzu, mfuti yaitali ili pa timiyendo tiwiri, diso lili pa galasi loonera kutali. Anawomba. Panapita kanthawi, kenako tinamva kulira kwa chitsulo chomwe chinali pa mtunda wa mayadi 1,000, pafupifupi kilomita yathunthu. Anyamata anakuwa, ngakhale ine ndemwe. Koma chomwe chinandikhala mu mtima ndi cha kumapeto. Bamboyo anatsekula kabati yachitsulo, muli mfuti ndandanda, n'kunena kuti yomwe wawombera bwino chonchiyo akuigulitsa chifukwa kwatuluka ina. Amayi ena achikulire anafunsa kuti, "Nanga iyoyo yalakwa chiyani?" Palibe anawayankha. Ndalemba kapepala aka kuti tiyesere limodzi kuwayankha.

Kuwomberana chandamale patali ndi masewero enieni kumeneko. Kuli mpikisano wotchedwa Precision Rifle Series womwe unayamba mu 2012, ndipo mfuti imodzi pamodzi ndi galasi lake imadya madola masauzande. Mu 2007 kampani ya Hornady inatulutsa chipolopolo chotchedwa 6.5 Creedmoor, ndipo ambiri anasiya mfuti zawo za .308 Winchester n'kuthamangira chimenecho. Patapita zaka zochepa, akatswiri anasamukira ku zipolopolo za 6mm, gulu n'kuwatsatiranso. Tisawanamizire: mpope wa mfuti yotere umathadi, chifukwa moto wa wonga umadya m'kati mwake ukawombera maulendo masauzande angapo. Koma mpope umasinthidwa pawokha, ndipo mfuti zambiri zimagulitsidwa zisanafike n'komwe pamenepo. Bungwe la Small Arms Survey linawerengera kuti mu 2017 anthu wamba ku America anali ndi mfuti 393 miliyoni, kuposa chiwerengero cha anthu a dzikolo. Kafukufuku wina wa mu 2015 anapeza kuti theka la mfuti za kumeneko lili m'manja mwa akuluakulu 3 okha pa 100 alionse, aliyense ali nazo pafupifupi 17. Munthu ali ndi mapewa awiri basi, ndipo amawombera limodzi.

Wina anena kuti izi ndi za azungu olemera, ife kuno ku Kasina tilibe nazo gawo. Koma njala ya mfuti yabwino kuposa ya mnzako inadutsapo m'dziko muno, ndipo inalipiridwa modula. M'zaka za m'ma 1800, amalonda ochokera ku gombe, monga ku Kilwa ndi ku Quelimane, ankabweretsa mfuti za gogodela ndi wonga, n'kusinthanitsa ndi minyanga ya njovu komanso anthu. Jumbe ku Nkhotakota, Makanjira ndi Mponda cha kumwera kwa nyanja analimba ndi malonda amenewo. Mfumu ikamva kuti inzake ili ndi mfuti zambiri, inkafuna zoposa apo. Zitafika mfuti zolowetsa chipolopolo chakumbuyo, zolasa patali, gogodela uja anaoneka wachabe, ndipo mtengo wa zatsopanozo unali ana a eni ake. Makolo athu m'mapiri a Dedza muno ankagona m'mapanga masiku amenewo. Mu 1890 mayiko anasaina pangano ku Brussels loletsa kulowetsa mfuti zolasa molunjikazo m'chigawo chachikulu cha Africa, kuphatikizapo kuno. Mayiko omwewo ndi omwe ankazipanga, ndipo anazigwiritsanso ntchito potilanda dziko, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsopano ndinene za ine mwini, poti mtsogoleri wa phunziro wongoloza zala ena sathandiza. Ine mfuti ndilibe, ndipo lamulo la dziko lathu silola munthu kuisunga popanda chilolezo. Changa ndi foni. M'zaka ziwiri ndinasintha mafoni anayi. Ndinayamba ndi Itel yomwe inkagwira bwino ntchito zonse: kuimba, kulandira ndalama, kuwerenga mapemphero. Nditagulitsa mbatata ya kachewere ndinaipereka kwa mnyamata wina wa pa msika, n'kuwonjezera pang'ono, n'kutenga Tecno. Patapita miyezi ingapo kamera yake inayamba kundinyansa, ngakhale ndimajambula ana ndi mbuzi basi. Ulendo uliwonse ndinkauza mayi a kunyumba mawu omwewo: "Ndikagula iyi, ndasiya." Ulendo wachinayi ndalama yowonjezerayo inachokera pa ya feteleza wobereketsa. Iwo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Abambo, foniyo tidzaithira m'munda?" Chimanga chaka chimenecho chinachita chikasu mbali yonse ya kumunsi, ndipo pofika Januwale wotsatira tinali tikugula cha pa msika ndi ndowa.

Nditakhala pansi n'kulemba ndalama zonse, ndinaona chinyengo chomwe chili m'kusinthanitsa. Ukamagula chinthu chatsopano umaona mtengo wonse, mtima n'kugunda. Ukamasinthanitsa umangowerenga chowonjezera chokhacho, ndipo chimaoneka chochepa. Suwerenga kuti yakale ija waitaya pa theka la mtengo womwe unaigulira. Maulendo anayi a "pang'ono chabe" anakwana matumba angapo a feteleza. Ndinaonanso kuti kukoma kwenikweni kunali pakati pa tsiku lomwe ndamva za foniyo ndi tsiku lomwe ndaigwira m'manja: kufunsa mitengo, kuyerekeza, kukambirana ndi anzanga. Ikalowa m'thumba, masabata awiri okha, yasanduka foni wamba. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pusiyo sanali ndi njala. Ndikukhulupirira kuti bambo wa m'kanema uja zimamuchitikira chimodzimodzi. Ndiponso akaphonya chandamale, n'kosavuta kuloza mfuti chala kusiyana ndi kuvomera kuti sanaiwerenge bwino mphepo kapena anakoka mpweya pa nthawi yolakwika. Mfuti yatsopano imagulika tsiku limodzi, pomwe kuphunzira mphepo kumatenga zaka.

Kodi Chikhulupiriro chathu chikutiuza chiyani? Mu Kitáb-i-Aqdas, Buku Loyera Koposa lomwe Bahá'u'lláh analivumbulutsa ku ‘Akká cha m'ma 1873, muli lamulo loletsa kunyamula zida pokhapokha pakhale pofunikiradi. M'buku lomwelo kusaka nyama n'kololedwa, koma tikuchenjezedwa kuti tisapyole muyeso. Mawu ofotokozera malamulowa amanenanso kuti masewero oponya mivi ndi owombera chandamale ndi ololedwa. Choncho sitinganene kuti bambo uja wachimwa chifukwa chokonda masewero ake. Sitiphunzitsidwanso kudana ndi chuma kapena kudzizunza. Wa kabaza akasintha njinga yamoto yomwe ikumufera pa njira tsiku ndi tsiku, wachita mwanzeru. Wogwira ntchito ya Airtel Money kapena Mpamba akagula foni yosunga moto, akutumikira bwino anthu, ndipo ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira timaiwerenga ngati kupembedza. M'malamulo onse awiriwo, la zida ndi la kusaka, mukubwerezedwa chinthu chimodzi: kusiyanitsa chofunikira ndi chopyola.

Lamulo la Huqúqu'lláh likutiika pa malo omwewo. Wokhulupirira amapereka 19 pa 100 ya chuma chomwe chatsala atachotsa zofunika pa moyo, chumacho chikafika pa mtengo wa ma mithqál 19 a golide, pafupifupi magalamu 69. Nyumba yokhalamo, ziwiya zofunika ndi zipangizo za ntchito siziwerengedwa. Ambiri a ife mwina sitidzafika pa mlingo umenewo. Koma taonani kuti palibe munthu amabwera pakhomo kudzakuwerengerani katundu, ndipo palibe wololedwa kukukakamizani. Mumakhala nokha pamaso pa Mulungu, n'kutenga chinthu chimodzichimodzi, n'kudzifunsa ngati chili chofunikira kapena ayi. Mfuti yachikhumi ndi chisanu ndi chiwiri siingapirire funso limenelo. Foni yanga yachinayi nayonso sinapirire.

Ndimakumbukira Ásíyih Khánum, mkazi wa Bahá'u'lláh. Anakulira m'banja lolemera kwambiri. Mu 1852 Bahá'u'lláh ataponyedwa m'ndende ya Síyáh-Chál ku Tihrán, nyumba yawo inafunkhidwa. Atalamulidwa kuchoka m'dziko mu Januwale 1853, nthawi ya chisanu choopsa, mayiyu anagulitsa zokongoletsera za ukwati wake zomwe zinatsala kuti banja lipeze zoyendera pa ulendo wa ku Baghdad. Nayenso anasinthanitsa. Anapereka golide n'kulandira chakudya cha ana ake ndi njira ya miyezi itatu m'mapiri. Ndikayerekeza ndi kusinthanitsa kwanga, ndimachita manyazi, ngakhale ndikudziwa kuti manyazi pawokha sanandiletsepo kupita ku msika.

Ndipo sindinachire. Foni yomwe ndili nayo pano ili ndi mng'alu pa galasi, ndipo mwezi wathawu ku Chimbiya ndinagwira ina m'manja nthawi yaitali ndithu. Ndinaibweza, koma mtengo wake ndikuudziwabe pamtima, ndipo ndikudziwanso kuti mbatata tikumba posachedwa. N'chifukwa chake ndabweretsa nkhaniyi ku gulu m'malo moisunga ndekha.

Kuseri kwa kapepala aka ndasiya malo. Aliyense alembepo chinthu chomwe wakhala akusinthasintha, kaya ndi foni, wailesi, njinga, nsapato kapena zitenje, ndi ndalama zonse zomwe zapitapo, kuphatikizapo zomwe anataya pogulitsa chakale. Palibe adzakakamizidwe kuwerenga zake mokweza. Zanga ndidzayamba ndine. Tikumana Loweruka 2 koloko masana pa malo a masiku onse, ndipo tikatha mapemphero tidzayambira pa funso la amayi aja.