Wosewera Akasiya Kugoletsa



M'mawa uno tiganizireko za mnyamata wosewera basketball pa yunivesite, tinene pa MUST konkuno ku Thyolo. Chaka choyamba ndiye ankagoletsa. Tsopano kwabwera anzake ataliatali, kochi wamuuza kuti azigawa mpira, masiku ena azikhala pa benchi. Zimawawa ndithu. Komatu wogawa mpira ndiye amaona bwalo lonse, ndipo luso limenelo n'lomwe limafunika pa ukochi.

Mpikisano wa Basketball Africa League udayamba mu 2021 ku Kigali, koma kwathu kuno masewerawa sanafike podyetsa banja. Makolo, musamuletse mwana kusewera, koma digiriyo amalize.