Kupirira ndi Kukhala Chete: Mabala a Mumtima mwa Amuna ku Mwanza

Pa makhalidwe amene Amalawi amayamikira mwa munthu wamwamuna, kupirira kumaikidwa patsogolo, kotero kuti mnyamata amakula akumva kuti mwamuna salira, ndipo pamaliro amayi amalira m'siwa pamene abambo amakhala panja mwakachetechete. Funso lofunika kulisinkhasinkha n'lakuti kodi kupirira ndi kukhala chete n'chinthu chimodzi, popeza kupirira ndi mphamvu ya munthu amene akudziwa katundu wasenza ndipo wasankha kuyenda naye, pamene chete nthawi zambiri amabadwa ndi mantha kapena manyazi.

Bala la mumtima, kunena kuvulala kwa maganizo kumene kumatsala munthu akaona imfa, nkhanza kapena zoopsa zina, limaonekera m'maloto oipa, m'kudzidzimuka, m'kupsa mtima msanga ndi m'kuthawira ku kachasu. Boma la Mwanza, pokhala chipata cha ku Tete, laona zambiri zobala mabala otere. Linalandira anthu othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique imene inatha mu 1992, ndipo mu 2016 anthu enanso othawa kwawo oposa 10,000 anaunjikana pa Kapise asanasamutsidwire ku Luwani m'boma la Neno. Pa chipata chomwecho pamadutsanso amuna obwezedwa kuchokera ku Joni, ambiri ali chimanjamanja, ndipo kumudzi amafunsidwa za katundu amene abwera naye, osati za zimene anaona m'njira.

Koma phunziro lalikulu la chete lili ku Thambani, kumene mu Meyi 1983 kunapezeka mitembo ya andale Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, boma la nthawiyo n'kulengeza kuti anafa pa ngozi ya galimoto. Kwa zaka 11 nkhaniyi inkanong'onedwa chabe, kufikira pamene kafukufuku wa mu 1994 anatsimikiza kuti anthuwa anachita kuphedwa. Palibe munthu woganiza bwino amene angatche chete wa zaka zimenezo ukoma, chifukwa anali chete wa anthu oopa kutsatira anzawo kumanda. Ndipo ngati mtundu wonse ungakhale chete chifukwa cha mantha, n'kulakwa kuganiza kuti mwamuna aliyense wosalankhula ndi wolimba mtima.

Uphungu wozindikira mabala a mumtima, umene ndi njira yothandizira munthu poyamba ndi kudziwa zimene zinamugwera m'malo moyamba ndi kumudzudzula, umagwirizana ndi nzeru ya makolo yakuti umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Judith Herman, dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, analongosola mu 1992 kuti kuchira kumayamba munthu akamva kuti ali potetezeka, kenako amakumbukira ndi kulira zimene anataya, ndipo pomaliza amabwerera pakati pa anzake. Apa pali chenjezo kwa aphungu ndi abusa omwe, pakuti kukakamiza mwamuna kuulula zonse tsiku limodzi n'kutsegula bala popanda mankhwala. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye osalankhula, ndipo analakwa pamene anayamba kumufunira tchimo lofotokozera mavuto ake, cholakwa chimene chimabwerezedwa m'mipingo ina kumene wovutika maganizo amauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa kapena kuti ali ndi ziwanda. Chete wochiritsa ndi wa womvetsera, osati wa wovulala.

Vuto limakula kwa mkamwini, amene amakhala kwawo kwa mkazi kutali ndi abale ake, ndipo ankhoswe amaitanidwa pa milandu ya banja yokha, osati pa zowawa za mumtima mwake. Malipoti a apolisi akhala akusonyeza kuti ambiri mwa odzipha m'Malawi ndi amuna, pamene chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, ulendo umene mlimi wa manachesi wa ku Thambani sauganizira n'komwe. N'chifukwa chake mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi ya Mwanza ayenera kuphunzitsidwa kumvetsera mwamuna wovulala mumtima asanamuyamikire kuti ndi wopirira.