Kompyuta Ikasankha Wosauka, Mlandu Ngwa Yani?

Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo inayambira ku Mchinji mu 2006, posakhalitsa n'kufika ku Machinga, kenako ku Balaka. Imathandiza mabanja 10 mwa 100 alionse, osaukitsitsa ndi opanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Masiku ano olemba kaundula amayenda khomo ndi khomo kufunsa za denga, ziweto, katundu ndi kuchuluka kwa anthu pabanja, ndipo pulogalamu ya pakompyuta imawerengetsa mayankhowo n'kusanja mabanja kuyambira ovutikitsitsa. Dzina likasowa pamndandanda, yankho losavuta n'lakuti kompyuta ndiyo yasankha. Yankho limeneli n'lolakwika, chifukwa kompyuta sidziwa njala. Alipo munthu amene anagamula kuti malata akhale ndi mphamvu yotani powayerekeza ndi mbuzi ziwiri, wina n'kulemba chigamulocho m'pulogalamu. Mayi wamasiye wa ku Ntaja, wogona m'nyumba ya malata adzimbiri omwe mwamuna wake anagula ali ku Joni, nkhokwe ili pululu, angaoneke wopezako bwino chifukwa cha maganizo a anthu amene sanapondepo pakhomo pake.

Ena anganene kuti makina aposa anthu chifukwa alibe mphwake, alibe mlamu, ndipo salandira nkhuku usiku. N'zoona, ndipo aliyense wokumbukira madandaulo a makuponi a fetereza sangapeputse mfundoyi. Komatu mfumu yokondera ili ndi nkhope, anthu amaifunsa pabwalo, ndipo a gulupu angaidzudzule. Masamu osafotokozedwa safunsika. Akalakwa amalakwira onse ofanana ndi mayi uja nthawi imodzi, kuchokera ku Nayuchi mpaka ku Phalula, popanda wochita manyazi.

Asilamu, omwe ndi ambiri ku Machinga, akudziwa kale kuti chifundo chikhoza kuyendera masamu. Zakaati ili ndi mlingo wake, 2.5 pa 100 ya chuma chosungidwa, ndipo Qur'an imatchula magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira. Koma chiwerengerocho sichimasula wopereka. Udindo wofufuza kuti dzanja lolandira ndi la wosowadi ukadali wake pamaso pa Mulungu. Wolemba mapulogalamu nayenso sangabisale ponena kuti anangolemba zomwe anamuuza, monga mmisiri sangamange khoma lopendama n'kuloza mwini nyumba. Iye ndiye amaona pomwe masamu akutsimphina, ndipo ayenera kunena. Ayeneranso kusiya khomo m'pulogalamumo, loti msonkhano wa m'mudzi wotsimikiza mayina ukatsutsa, chigamulo chisinthike ndipo chifukwa chake chilembedwe. Wokanidwa akafunsa, auzidwe m'Chichewa kapena m'Chiyao kuti ndi malata ake aja omwe amuchotsetsa, kuti awatengere a komiti ya m'mudzi kunkhokwe akaone okha.